Chaka Chimene Mudzi Wonse Unkayang'ana Miyendo

Senderani kuno kuli dzuwa, ana inu. Kwanu ku Tete dzuwa mumalithawa, koma kuno mwezi wa Julyu timalilondola kuzungulira nyumba ngati munthu amene akugawa mchere. Iwe Marita, funda chitenjecho, usachite manyazi. Mphepo ya mwera sidziwa kuti uli ku sekundariya.

Ndakuonani m'mawa muja mutabisala kuseri kwa nkhokwe, mukuseka agogo anu akusambitsa nkhuku mapazi m'basiya. Selestino wajambula kale ndi telefoni yake, ndipo ndikhulupirira kuti pofika pano anzake onse amva kuti nkhalamba ina ya kufupi ndi misiyoni ya Fonte Boa mutu wayamba kuizungulira. Palibe kanthu, sindikukudzudzulani. Mungadziwe bwanji matenda a miyendo ya nkhuku, poti nkhuku zanu zimabwera m'pulasitiki, zopanda mutu, zopanda miyendo, zouma ndi chisanu ngati mwala? Mumazitcha furangu. Nditaiona koyamba kwa amayi anu ndidafunsa kuti, kodi imeneyi idapondapo pansi pano? Ife tidakulira zipalapasiro. Nkhuku ikaphedwa, ntchafu ndi nthutumba zinkapita kwa akuluakulu, ife ana n'kulandira mutu ndi mapazi. Choncho mwendo wa nkhuku tinkaudziwa monga mmene inu mumaidziwira telefoniyo.

Nkhuku ndimasambitsa ija ndi mwana wa thadzi lina limene lidatsala pang'ono kusamutsa munthu m'mudzi muno. Koma ndiyambe ndi agogo anu aakazi, aNajere, Mulungu awalandire, chifukwa nkhuku zonse mukuziona panozi ndi zawo.

Nthawi ya nkhondo tidathawira ku Dedza, amayi anu a Lusia ali kumsana. Mtendere utabwera tidabwerera wapansi, ine nditasenza mphasa ndi makasu, iwo dengu pamutu, m'dengumo muli tinkhuku tingapo tomwe adaweta kothawirako. Anzathu ankamanga nkhuku zawo ndi ulusi wa m'matumba, uja umadula khungu ngati lumo, ndipo pofika kuno zina zala zidali zitathothoka. Agogo anu adamanga ndi luzi lonyowa, ndipo pa mtsinje uliwonse ankatula dengu, kumasula nkhuku imodziimodzi kuti iwongole miyendo. Anthu ankatipitirira akuseka. Ine ndinkaima potero, katundu ali pamutu, ndikuyang'ana dzuwa. Ndidayesa kudandaula kamodzi. Adandiyankha kuti, "A Phiri, nkhuku ndi miyendo. Yosayenda sipalasa, yosapalasa sidya. Ngati mwathamanga tsogolani, nyumba yake mukaipeza ilibe denga." Zinali zoona, tidaipezadi ilibe denga.

Chaka chilichonse kukolola kukatha ankayenga mafuta a nsatsi. Inu nsatsi mumaziona ngati thengo la kudzala. Iwo ankazikazinga m'phale, kuzisinja, kuziphika m'madzi mpaka mafuta atayandama, n'kumawayengula ndi chipande kuthira m'nsupa. Chisanu chikayamba kuwaula masamba a nthochi kudambo, ankakhala pakhonde paja ndi nsupa yawo n'kumadzoza mapazi a aliyense wa pakhomo pano, kuopa zikang'a: ana, ine, ndi nkhuku. Sindinena kuti ankayamba ndani, koma sindinali ine.

Nyengo yozizira yachiwiri iwo atatisiya, thadzi lina la mtundu wa phulusa, lomwe tinkangoti Chiphulutsa, lidayamba kutsimphina. Nditaligwira ndidaona kuti mamba a m'miyendo atukuka, pansi pake padzaza zoyera ngati phala louma, zala zanenepa ngati makungwa a mtengo wokalamba. Kuphazi lamanja kudali chotupa chonga nzama, chili ndi nkhanambo yakuda pakati. Linkaima ndi mwendo umodzi padzuwa, losapalasa. Matenda a mambawo ndinkawadziwa. Nthawi yozizira nkhuku zimagona mopanikizana, ndiye tizilombo tating'ono timachoka mwendo wina kulowa wina n'kumakumba pansi pa mamba. Nkhuku inali ntchito ya agogo anu, ine ndinkangoonerera, koma maso amaphunzira ngakhale mwini wake asakudziwa.

Ndili chigwirire thadzilo, adatulukira alamu anga a Kandido, a Jere, mlongo wawo wa agogo anu. Mukuwadziwa, aja amakhala benchi ya kutsogolo ku Misa, a Kolona wamkulu ngati chingwe cha ng'ombe. Adagwirapo ntchito yonyamula mapepala ku administrasau, ofesi ya boma ku Ulongwe, ali mnyamata, ndipo kuyambira pamenepo salankhula mawu khumi osaikapo "portantu", "choncho" wa Chipwitikizi uja. Ndi munthu wabwino. Maliro a agogo anu adayendetsa ndi iwo. Kungoti chinthu akachiona, amachidziwa nthawi yomweyo.

"Alamu, nkhukuyi yatani?"

"Miyendo, alamu. Ndi tizilombo tija timalowa pansi pa mamba. Kuphaziku kaya ndi munga."

"Tizilombo! Mwationa?"

"Sitioneka ndi maso."

"Ehe! Sitioneka. Portantu inunso mumakhulupirira zosaoneka, kungoti mumasankha zanu." Adagwada, n'kuyang'anitsitsa phazilo osalikhudza. "Alamu, nkhuku iyi yaponda."

Inu a m'tauni simungamve. Kuno munthu akatupa mwendo, anthu safunsa kuti wadwala chiyani, amafunsa kuti wadutsa pati. Amati wina amatchera mankhwala panjira monga amatcherera mbewa, ndipo wopondapo mwendo umatupa.

"Adatchera inu," adatero a Kandido, "koma yaponda ndi nkhuku. Achemwali anga akukutetezani ali kumanda. Imakonda kuyenda njira iti?"

Njira ya nkhuku zanga ndi imodzi, yotsikira kumadimba, ndipo imadutsa pakhomo pa aNambewe. Mudawaona dzulo, aja adakupatsani nzimbe. Ndi mayi wamasiye. Iwo adachedwa kubwerako ku Malawi, ndiye mpaka lero sabawu amati sopo, shikola amati sukulu, ndipo anthu ena amawatenga ngati mlendo ngakhale mchombo wawo udakwiriridwa m'mudzi momwe muno. Mwana ali naye mmodzi, wamkazi, adakwatiwa ku Lifidzi. Dimba lawo lili ndi kasupe amene saphwa ngakhale dzuwa la Otubru, ndipo lachita malire ndi dimba la a Kandido, lomwe limauma msanga. Sindikunena kanthu. Ndikungokuuzani mmene madimba adakhalira.

"Nanga aNambewe anditchere ine chifukwa chiyani?" ndidafunsa.

"Alamu, musakhale ngati mwana. Iwo wamasiye, inu wamasiye. Chaka chathunthu mukudutsa pakhomo pawo, moni yekha basi. Mkazi angapirire zimenezo? Mankhwalawo mwina ndi okulumalitsani, mwina ndi okukokani. Zonse ziwiri n'zotheka."

Anthu adalandira zonse ziwiri. Mlungu usadathe, amayi kumjigo ankasuntha ndowa zawo aNambewe akafika. Ana adaletsedwa kudya chilichonse cha m'manja mwawo. Lamulungu ku Fonte Boa kunkazizira moti anthu ankapanikizana pamabenchi ngati anapiye, koma aNambewe adali ndi benchi yonse okha. Pa chizindikiro cha mtendere, anthu oyandikana nawo onse chidawagwira chifuwa.

A Kandido adabweranso ndi ndondomeko. "Nkhukuyi iphedwe, miyendo yake tikaiotche pamphambano. Pakhomo pano tiwaze madzi odalitsa. Kenako pali munthu wina kuseri kwa phiri, adzatsirike njirayo. Pronto, mbali zonse zatsekedwa. Zikatha tikauze akuluakulu kuti mayiyu atsatire mwana wake ku Lifidzi."

"Madzi odalitsa ndi munthu wa kuseri kwa phiri, pamodzi?"

"Alamu, nyumba imakhala ndi chitseko cha kumaso ndi cha kuseri."

Ndidakumbuka za mapanga awiri aja amavumbwitsa, koma sindidanene. Ndidati ndiganize kaye. Agogo anu ankati ine ndikati ndiganize kaye, munthu angathe kubzala chimanga n'kudya mondokwa.

Mawa lake dzuwa lili paliwombo adafika aNambewe. Sadalowe pabwalo, adagwada kumalire uko pafupi ndi mtengo wa pichesi.

"Bambo a Lusia, ndamva kuti ndakhala mfiti ya nkhuku."

"Ndamva nanenso, mayi."

"Akuti ndikukufunani." Adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Musandimve molakwa, koma ndikadakhala ndi mankhwala otere, ndikadatchera pamsewu wa ku Ulongwe pomwe pamadutsa a galimoto."

Ndidaseka, iwonso adaseka, kenako adayamba kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Adati ayamba kale kumanga katundu, ndipo atuma mawu kwa mwana wawo. Adati kwa mkamwini si kokafera, koma kuli bwino kusiyana ndi kumwa madzi anthu akukuwerengera mamwedwe. Manda a amuna awo ali kuno, a amayi awo ali kuno, dimba lili kuno.

"Musamange kaye, mayi," ndidatero. "Nkhukuyi ikaphedwa, nkhani yatsekedwa dzina lanu lili m'kati. Ikayenda, nkhaniyo ilibe pokhala. Ndipatseni nthawi."

"Mafuta a nsatsi ndili nawo," adatero. "M'mudzi muno woyenga ndatsala ndine ndekha. Koma mukatenga kwa ine adzati mfiti yabwera kudzawombola msampha wake."

Adanena zoona. Choncho mafuta ali pakhomo loyandikana nalo, ine ndidapalasa njinga mpaka ku Ulongwe kukafuna vazelina. Inu mumakwera chapa, minibasi ija, kutseka maso, kutsegula mwafika. Njinga yanga ija, ya mabuleki a ndodo, pa chitunda chilichonse imafuna kuti tisinthane, iyo ikwere ine. M'mawa umenewo udzu wa m'dambo udali mbuu ndi chisanu, zala zanga zidauma pa chiwongolero moti pofika kumsika ndidachita kuzimasula chimodzichimodzi.

Kumsika ndidangofunsa munthu mmodzi, koma adayankha msika wonse. Wina adati oliyo wakuda wa kuchigayo. Wina adati mafuta a nyale. Wina adati madzi a m'batire, nkhuku idzachira tsiku lomwelo. Ndidati inde, nayo nkhuku yophika simva kuwawa miyendo. Ana inu, zinthu zimenezo musadzayese. Zimawotcha khungu, ndipo nkhuku imajompha mwendo wake n'kumeza. Ndidalowa mu farmasiya. Mtsikana wogulitsa adali waulemu kwambiri.

"Wodwalayo ndi wamkulu bwanji, agogo?"

"Chaka chimodzi ndi miyezi."

"Iii, kamwana! Wayamba kuyenda?"

"Adayamba kale. Wafungatirapo kawiri."

Adandiyang'ana, n'kundipatsa vazelinayo, ndipo potuluka ndidamva akuitana mnzake.

Ntchitoyo ndidaganiza zoichitira poyera, pabwalo pano, dzuwa litakwera, kuti pasapezeke wonena kuti ndachita zamseri. Sindidaitane munthu, koma amuna adadzaza pakhonde ngati pali bawo. Ndidafunditsa madzi, ofunda moti chigongono chipirire, osati othyola nthenga. Ndidasungunulamo sabawu, n'kuimika Chiphulutsa m'basiya, thupi nditalikulunga ndi chitenje chakale kuti lisanyowe, chifukwa nkhuku yonyowa mwezi wa Junyu yapita. Zoyera zija zitafewa ndidazipukuta pang'onopang'ono ndi chitsononkho. Mamba sasenda, ana inu, ukasenda magazi amatuluka. Umangochotsa chimene chikufuna kuchoka chokha. Ndidaumitsa miyendo ndi nsanza, n'kupaka vazelina wambiri kuyambira kuzala mpaka m'mawondo, ndikulowetsa pansi pa mamba, kuti tizilombo tisowe popumira.

"Lachinayi Loyera labwera kawiri chaka chino!" wina adafuula. "Apadiri a nkhuku! Mukatha mupsompsone phazilo!"

Ndidawasiya aseke. Phazi lotupa lija ndidaliviika m'madzi ena amchere mpaka nkhanambo itafewa. Nditaitukula ndi kufinya m'mbali, mudatuluka chinthu cholimba ngati njere ya chimanga, ndipo m'kati mwake mudali kansonga ka waya. Ndidakondwa. Ndidakanyamula m'mwamba kuti onse aone, ndikuti tsopano nkhani yatha.

A Kandido adalumpha. "Mwaona! Mwaona ndi maso anu! Chimene adatchera chija n'chimenechi!"

Ndidati waya wotere wadzaza kumadimba konse, ngakhale mpanda wa dimba lawo ndi wa waya yemweyo. Palibe adamva. Kawayako kadayenda m'manja mwa anthu kali pa tsamba, aliyense akugwedeza mutu. Tsiku limenelo ndidaphunzira kuti kukadapanda kutuluka kanthu, akadati mankhwala enieni saoneka.

Ndidatsuka balalo, kulimanga ndi kansalu koyera kodutsa pakati pa zala, n'kuika thadzilo m'dengu la udzu wouma pafupi ndi moto kuti lisamalumphe kuchoka pamwamba. Khola ndidasesa, udzu wakale ndidatentha, pansi ndidathira phulusa, mitengo yogonapo ndidaipala n'kuipakanso mafuta. Nkhuku zinazo nazo ndidazipaka, chifukwa kuchiza imodzi n'kusiya zinzake kuli ngati kuchapa mwendo umodzi wa buluku. Pakapita masiku angapo ndinkabwereza. Matenda amenewa safuna munthu wothamanga. Mamba akale amagwa okha, atsopano n'kumera pansi pake, ndipo zimatenga milungu.

Oonerera adayamba kuchepa, chifukwa palibe chotopetsa kuonerera ngati chinthu chimene chikuchira. Tsiku lina Chiphulutsa adatsika m'dengu, adaponda ndi mapazi onse awiri, n'kupalasa pa gaga mpaka fumbi koboo. Ndidapita ndekha kukawauza alamu anga.

Adamvetsera, adagwedeza mutu, n'kunena kuti, "Zabwino, alamu. Koma mankhwala satayika. Akachoka mwa nkhuku amabwerera kwa mwini wake. Portantu tisavutike n'kuloza munthu chala. Tingoyang'ana miyendo. Amene ayambe kutsimphina, ndi yemweyo."

Mawu amenewa adawanena kwa ine, adakawanenanso kumjigo, ku mphakati, ndi pa mowa wa masese kwa a Ngozo. Ndipo adadziwa chimene akunena, chifukwa aNambewe ali ndi nyamakazi ya m'mawondo, ndipo chaka chilichonse kukazizira amayenda ngati akuponda pa mazira.

Ana inu, ndaona zambiri, nkhondo ndaiona, njala ndaiona, koma mwezi umenewo sindidzauiwala. Mudzi wonse udaleka kutsimphina. Poyamba anthu ankangoyang'ana aNambewe, kenako aliyense adazindikira kuti nayenso ali ndi miyendo. Nkhalamba zimene zidayendera ndodo zaka ndi zaka zidabisa ndodo kudenga n'kumayenda chilili, chozizwa chimene ngakhale ku misiyoni sichidachitikepo. A Ngozo adalasidwa ndi chitsotso cha chimanga kumunda, adayenda nacho mpaka kwawo akuimba mluzu. Mwana akapunthwa, amake ankamukwapula kuti ayende bwino asadamufunse ngati wapweteka. Moni tinkapatsana maso ali pansi. Apadiri adafika potiyamikira pa Misa kuti Akhristu a mphakati wathu adzichepetsa chaka chino, onse akulowa m'tchalitchi atazolika.

Amene ankasauka zenizeni ndi aNambewe. Kuchoka kuno mpaka ku Fonte Boa ndi mtunda, ndipo Lamulungu lililonse anthu ankachita kuchedwa dala kuti ayende pambuyo pawo. Iwo ankayenda tswii ngati mtsikana wonyamula mphatso za kuguwa, mano atalumana, thukuta likutsika m'chisanu chonsecho. Kujomba sakadayesa n'komwe, chifukwa akadati akubisa mwendo. Ndidakumana nawo tsiku lina kumadimba atatsamira khasu.

"Bambo a Lusia, nkhuku yanu yachira, ine ndiye ndikufa. Ndikalowa m'nyumba ndimachita kukwawa. Lamulungu likubwerali sindikhulupirira kuti mawondowa andifikitsa. Ndikagwa panjira, mudzangouza mwana wanga adzatenge mbuzi."

Ndidaona kuti vazelina wanga wachiza nkhuku n'kuika munthu pa moto. Ndidapemphera Kolona masiku amenewo, osapempha kuti wina agwe, ayi, ndinkangoti Ambuye, mawondo a mayi uja muwagwire.

Lamulungu lija aNambewe adafika, mochedwa koma chilili. Amene sadafike ndi a Kandido. Benchi ya kutsogolo idali ndi mpata, ndipo nyimbo zidamveka bwino popanda mawu awo obangula, moti anthu adazindikira msanga. Akazi awo adati ndi chimfine. Pakati pa mlungu adati ndi mutu. Lamulungu linalo adati apita kukaona mbale, pamene njinga yawo ili pakhonde. Ndidati ndikawazonde, ndi alamu anga.

Ndidawapeza kuseri kwa nyumba, pakati pa khola la nkhumba ndi nthochi, atakhala padzuwa, bulangete lili m'miyendo.

"Alamu, mutu uli bwanji?"

"Ukuchepa, alamu."

"Nanga bulangete mwafunditsa kumapazi bwanji, mutu uli kumwamba?"

Adayang'ana uku ndi uku, n'kuvundukula. Phazi lamanzere lidali ngati dzungu, lonyezimira, kufiira kukukwera cha ku katumba. Chikang'a cha kuchidendene chidang'ambika ndi chisanu, iwo n'kumathira ndowe kudimba opanda nsapato, ndipo dothi lidalowa. Akadatsuka tsiku loyamba sikadakhala nkhani. Koma munthu amene adauza mudzi wonse kuti uyang'ane miyendo akadapempha bwanji madzi amchere? Adalifinyira mu nsapato masiku angapo n'kumayenda mowongoka, mpaka nsapatoyo idakana.

"Alamu," adanong'ona, "tizilombo tanu tija, kodi timagwiranso anthu?"

Ana inu, mawu adafika pakhosi apa. Adali mawu abwino, okwana bwino. Ndidawameza, ndipo mpaka lero ndikawakumbuka ndimamva kukoma kwake.

"Awa si matenda a basiya, alamu," ndidatero. "Kufiira uku kukafika m'bondo, mwendowu mudzausiya kuchipatala. Tiyeni lero lomwe."

"Tidikire kude."

"Njinga yanga ilibe nyale, ndipo ine usiku sindiona. Tipita tsopano."

"Ndiye tidzere kumadimba."

"Kumadimba njinga sidutsa, mudatseka njira ndi waya."

Njira yotsala idali imodzi, yodutsa pakati pa mudzi, pamjigo, ndi pakhomo pa aNambewe.

"Alamu, tsogolani mukauze anthu kuti nkhani ya miyendo ija idatha."

"Ine ndidanena kale, alamu, sadandimve. Ndilibe mawu. Mawu m'mudzi muno muli nawo ndinu."

Tidawakweza kumbuyo kwa njinga ine ndi akazi awo, phazi litakulungidwa m'chitenje, litatambasuka kumbali ngati mbendera. Ndidayamba kukankha. Tisadafike n'komwe pamjigo, amayi adaleka kupopa. Amuna adatuluka m'makonde. Maso onse adali pa chitenjecho. Kenako kumbuyo kwanga kudaphulika mawu aja amagwedeza malata a tchalitchi.

"Abale anga! Tisiye umbuli! Mwendo umatupa ndi tizilombo! Tizilombo tosaoneka, tokhala m'dothi! Nkhuku ya alamu anga idalasidwa ndi waya, ndidauona ndi maso anga! Portantu amene azinena za kutchera m'mudzi muno ndi munthu wosaphunzira, ndipo akaulule kwa apadiri!"

Adalalikira njira yonse. Ine ndinkangokankha. Nditacheuka ndidaona zimene zidali kuchitika m'mbuyo mwathu: mudzi udayambanso kutsimphina. A Ngozo adakhala pansi pomwepo n'kuvula nsapato. Gogo wina adatuma mdzukulu kuti akamutsitsire ndodo kudenga. Anthu amene adayenda ngati asilikali mwezi wathunthu ankatitsatira akudzikoka, wina kugwira chiuno, wina bondo, nkhope zawo zili ngati za anthu amene atula mtolo wa nkhuni.

Titafika pakhomo pa aNambewe, adatuluka. Adatsika pakhonde pang'onopang'ono, akutsimphina miyendo yonse iwiri, mosabisa, ngati munthu amene akudya chinthu chimene adachilakalaka nthawi yaitali. Adafika pamsewu, adawomba m'manja mwaulemu.

"Pepani, a Jere. Mwaponda chiyani?"

Ulaliki udaima. Nkhumba ya kwa a Ngozo idamveka ikulira kutali.

"Ndowe, mayi," adatero alamu anga. "Ndowe basi."

"Iii, pepani. Muziyang'ana poponda."

Kuchipatala adawagoneka masiku angapo, anamwino adang'amba, adatsuka, adabaya majakisoni, mwendo udapulumuka. ANambewe adamasula katundu wawo tsiku lomwelo, n'kutumanso mawu ku Lifidzi kuti mbuzi zisatengedwe. Palibe adapita kukawapepesa. Mlandu udatha monga imathera milandu yathu: sadaweruzidwe munthu, anthu adangoyamba kukamba za kukwera mtengo kwa adubu, feteleza uja. Lamulungu lotsatira benchi yawo idadzaza, ndipo amayi omwe aja ankasuntha ndowa adayamba kudandaula kuti aNambewe amatenga malo ambiri.

Tsopano tamverani. Agogo anu a Kandido atuma mawu kuti abwera masana ano kudzakuonani. Mukawalandire bwino, Marita ugwade, Selestino uchotse chipewacho ndi zam'makutuzo. Akakufunsani za shikola muyankhe. Koma maso anu akhale kumaso kwawo. Mukangoyang'ana pansi, ngakhale mwangozi, ayamba kukuphunzitsani za tizilombo, ndipo dzuwa lilowa musadadye.